Fani yamagetsi pa Hilux: mawaya onse alowa

Fani yachiwiri, yamagetsi, imene ndaika pa galimoto yanga kuti izithandiza kuziziritsa injini, tsopano ikuzungulira. Kwa amene mwangoyamba kutsatira ntchitoyi, galimotoyi ndi Hilux yakale yadizilo, injini ya 3L ya malita 2.8. Pa tala sivuta, ukamathamanga msewu wa ku Mutoko kuno ku Zimbabwe madzi amakhala pamalo ake. Imayamba kutentha ikamakwawa pamiyala ya ku Domboshava, kufupi ndi Harare, mu October, kapena ikaima nthawi yaitali injini ikulira. Fani ya lamba imatsatira liwiro la injini, ndiye marevu akatsika nayonso imafooka, pomwe mphepo yochokera kutsogolo palibe. Amene munagwirapo mainjini amenewa mukudziwa kuti akatentha hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, sichedwa kung'aluka.

Anyamata okonza magalimoto a ku Gazaland, mu Harare, ankati ndichotseretu fani ya lamba, yamagetsi itsale yokha. Ndinakana. Ya lamba ikakhala yabwino imakoka mphepo yambiri kuposa zamagetsi zotchipazi, ndipo ilibe fyuzi yoti ikupsereni m'tchire. Ndiye yamagetsiyi ndi yothandizira chabe. Ndi ya mainchesi 12, yakhala kutsogolo kwa rediyeta, ikukankhira mphepo m'kati.

Mu bokosi munali timapulasitiki toboola nato rediyeta pomanga fani. Ndinatitaya. Pa msewu wa fumbi wa mabampu, fani imagwedera ndipo timapulasitikito timadya timapaipi ta rediyeta mpaka madzi kuyamba kudontha. Wowotcherera wina ku Magaba, msika wa amisiri mu Harare, anandipangira zitsulo ziwiri zopingasa zomangira pa thupi la galimoto, ndipo pakati pa fani ndi rediyeta ndasiya kampata kolowa chala chaching'ono movutikira.

Tsopano za mawaya, poti ndi pamene pali nkhani. Fani iyi ikamazungulira imadya maampu opitirira 10, koma pongodzidzimuka imakoka ochuluka kuposa apo. Moto woterowo sufunika kudutsa pa switchi ya pa dashibodi, umasungunula. Ndiye ntchito yolemetsa ndaipatsa relay, kaswitchi kamene moto wochepa umayatsira moto wambiri, ya miyendo inayi yolembedwa 30, 85, 86 ndi 87. Waya wonenepa wa 4 mm² ukuchoka pa batire, n'kudutsa pa fyuzi ya maampu 30, n'kukalowa pa mwendo 30. Fyuziyo ili pafupi kwambiri ndi batire, osakwana chikhatho, chifukwa waya ukakhudza chitsulo fyuzi isanafike palibe chouteteza. Mwendo 87 ukupita ku fani, ndipo waya wina wa fani wabwerera ku batire komweko m'malo momangirira pa bodi. Bodi ya galimoto ya zaka zimenezi ili ndi dzimbiri m'malo osaoneka, earth yake, njira yobwerera moto ku batire, siyodalirika.

Miyendo 85 ndi 86 ndi ya moto wochepa wongodzutsa relay. Wa 86 ukulandira moto pokhapokha kiyi ali pa ON, kudzera pa kafyuzi ka maampu 5, kuti fani isamalize batire ndikazimitsa galimoto. Wa 85 ukupita ku switchi yomva kutentha, yomwe ndi imene imaupatsa earth madzi akatentha.

Chenjerani ndi waya wa m'misika. Wina amaoneka ngati wa kopa koma ndi aluminiyamu wopakidwa kunja. Amalume, omwe anagwira ntchito ya magetsi a magalimoto zaka zambiri asanapume, anatenga kampeni n'kupala kachingwe kamodzi. Pansi pake panatuluka poyera mbee. "Mphwanga, uyu ukamangire nkhuku," anatero. Ndinakagula wina mu msewu wa Kaguvi mu Harare, wolemera bwino m'manja, n'kuupala pomwepo ndisanalipire.

Switchi yomva kutentha ndi ya miyendo iwiri, yolembedwa 92 ndi 87, kutanthauza kuti imayatsa madzi akafika madigiri 92 n'kuzimitsa akatsika pa 87. Manambalawa asankhidwe molingana ndi thermostat, kachitseko kolola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha. Yanga imayamba kutseguka pa 82. Mukagula switchi yozimitsa pansi pa kutentha komwe thermostat imasunga, fani sidzapuma ngakhale pang'ono. Ndaika switchiyo pa kapaipi ka aluminiyamu kolumikiza paipi ya pamwamba ya rediyeta. Ya mwendo umodzi pamenepa ikanafuna waya wake wa earth, popeza mbali zonse ziwiri ndi labala.

Ndisanaimange ndinaiyesa mu poto, mayi a kunyumba akuyang'ana ndi diso la kumbali. Apa pali kanthu koti a kuno mudziwe. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi amawira pa madigiri ngati 95, osati 100. Yanga inadina madzi atatsala pang'ono kubwadamuka. Wina akayesa switchi ya 97 mu poto kuno adzaitaya akuganiza kuti ndi yakufa, chonsecho ndi madzi amene sakufikapo. M'galimoto zimasiyana, chifukwa chitsekero cha rediyeta chimapanikiza madzi kuti asawire msanga.

Chomwe ndaganizira kwambiri ndi kuwoloka mitsinje. Fani ya kutsogolo ndi imene imayamba kukumana ndi madzi, ndipo ikalowa ikuzungulira mapiko amapindika kapena kuthyoka, apo ayi fyuzi imapsa. Pamafunika pozimitsira. Ambiri amaika switchi imodzi ya malo atatu: yodziyendera, yozima, yoyaka. Ine sindikugwirizana nazo. Munthu ukatuluka m'madzi maganizo amakhala pa mabuleki onyowa ndi matope a kutsidya, switchi imaiwalika, ndipo fani imakhala chizimire tsiku lonse popanda chokuuza.

Ndaika maswitchi awiri. Yoyamba ndi yongopatsa mwendo 85 earth mwachindunji, kuti ndiziyatsa fani ndisanayambe kukwera phiri osadikira madzi kutentha. Yachiwiri ili pa waya wochokera ku kiyi, ndipo ndi ya miyendo itatu. Ikakhala mmwamba, moto ukupita ku relay. Ikatsika, moto womwewo ukupita ku kababza ndi kagetsi kofiira. Palibe malo apakati. Fani ikangozimitsidwa, kababzako kamalira ngati mwana wanjala mpaka uibwezere. Alamu anga akuti phokosolo ndi losautsa. Eya, ndi ntchito yake imeneyo.

Mawaya olowa m'kati adutsa pa bowo lokhala ndi kalabala, ena onse ali mu kapaipi kakuda kopindika, kutali ndi ekizozi. Relay ndaimanga chapamwamba, miyendo ikuloza pansi kuti madzi asakhazikikemo. Poyesa mbali yomwe mphepo ikupita ndinangoika pepala kutsogolo, linakakamira pa fani, kusonyeza kuti ikukankhira ku rediyeta. Likamauluzika kubwera kwa inu, sinthanitsani mawaya awiri a fani, ndipo onaninso mapiko, chifukwa ena amafuna kutembenuzidwa.

Geji ya pa dashibodi sindiidalira, singano yake imakhala pakati ngakhale madzi asinthe kwambiri, ndiye ndinaika ina ya manambala. Nditaisiya galimoto ikulira pabwalo masana, fani inayaka cha pa 92 n'kuzima pasanapite nthawi. Batire ikulandirabe mavoti opitirira 13 fani ndi magetsi a kutsogolo zili zoyaka, ndiye alternator, imene imachajisa batire, ikukwanitsa.

Kwatsala kuiona pa katundu weniweni. Loweruka ndikupita ku Domboshava ndi matumba a simenti kumbuyo. Ikapambana kumeneko, mayeso aakulu ndi ulendo wa kumudzi ku Malawi mu December: mzere wa pa malire a Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, kenako chikweza chopita ku Zobue ndi Mwanza. Relay ina ndi mafyuzi apadera zili kale m'kabokosi ka pa dashibodi.