Ka Vitz kanga kanasanduka takisi yaulere

Amwene, ine ndimadzitenga ngati munthu wochangamuka kwambiri. Mameseji aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ndimawayankha mwachipongwe mpaka iwowo kundibuloka okha. Ndiye tsiku lomwe ndinaganiza zogulitsa ka Vitz kanga ndinawauziratu mayi akunyumba kuti akamberembere kwa ine alemba m'madzi. Iwo anangoti "chabwino bambo", kayankhidwe kaja koti munthu wanzeru amayenera kukhala pansi kaye nkuganiza.

Kagalimotoka ndinakaitanitsa ku Japan mu 2019, kanatsikira pa Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, ndipo kananditumikira ndithu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 mitengo ya galimoto inapenga, moti chakumapeto kwa 2024 anzanga ankandiuza kuti aise kameneka ukhoza kukagulitsa mamita 9 osavuta. Fizi ya ana inali itandigwira pakhosi. Ndinakatsuka, matayala kupaka polishi wa nsapato, nkujambula mbali imodzi yokha chifukwa mbali inayo anaigunda wakabaza pa Nsungwi. Ndinaponya pa Facebook Marketplace ndi m'magulu a WhatsApp nkulemba kuti "lady driven" ngati mmene amalembera aliyense, chonsecho mayi akunyumba ngakhale njinga yakapalasa satha.

Foni inayamba kulira ngati ndine sing'anga. Ena kungolemba "last price" osapereka ndi moni womwe, wina amafuna tisinthane ndi puloti yopanda mapepala, wina ng'ombe zitatu ndi ngolo. Kenako wina akuti ali ku Joni, galimoto waikonda osaiona, ndalama atumiza yonse koma ine ndiyambe ndatumiza K80,000 kwa dalaivala wa thiraki yemwe adzaitenge. Ameneyo ndinamugwira msanga, ndinamuuza kuti dalaivalayo abwere ndi K80,000 yakeyo tidzagawane. Usiku umenewo nkhaniyi ndinaifotokoza katatu pa nsima, ana mpaka kutopa nane.

Lachitatu kunabwera madala ena pa kabaza, akuti achokera ku Kasiya. Majombo kuphazi, jekete lothothoka, m'manja kathumba ka feteleza kokulungakulunga. Sanapemphe nkuyendetsa komwe. Anangofunsa blue book, kuyang'ana tsiku la COF pa galasi, nkuwerama kufananiza chassis number ndi ya pa pepala, manambala akuwerenga mokweza ngati ali pa sikelo ya fodya. Atatha anati, "Mwana wanga, ndalama ndili nazo pompano, za fodya wa chaka chino, tiyeni ku banki akatiwerengere kenako tipite ku Road Traffic tikasinthe dzina." Ine mumtima ndinati eheee, awa ndi aja a ndalama zachinyengo awa, pamwamba ma K5,000 enieni pansi mapepala a nyuzi. Taonani nzeru zanga, munthu akunena yekha kuti tipite ku banki ine nkumamuona ngati wakuba. Ndinawauza kuti pepani madala galimoto yagulidwa kale. Anandiyang'ana, kupukusa mutu, nkumapita.

Lachisanu ndi pomwe anaimba bwana. Mawu okha mumamva kuti munthuyu amagona pa matilesi okhuthala. Chizungu cha m'mphuno, Chichewa cha apo ndi apo, akuti akufuna kagalimoto koti madam azipitira kumsika. Mtengo sananenerere nkomwe. Apa ndi pomwe ndimayenera kudabwa, chifukwa Mmalawi weniweni amanenerera ngakhale tomato wa K500, koma ine ndinangomva kukoma.

Mukumbukire nthawi imeneyo mafuta anali ovuta, mizere pa filling station iliyonse. Ine ndinagona pa mzere ku Kanengo usiku wonse, udzudzu kundidya, mpaka ndinapeza malita 20 kuti bwana asadzachite manyazi pa test drive. Tinakumana pa Area 18 cha m'ma 10. Suti, pefyumu, foni ziwiri, makiyi ambirimbiri akulira m'manja koma galimoto yake osaiona, akuti ili ku service. Ndinawapatsa kiyi ine nkukhala mbali ya pasenja ngati mlendo.

Titangonyamuka anati tidutse kaye pa sukulu ina titenge mwana, kuti timve ngati ikukoka bwino muli anthu. Zomveka. Mwana analowa, kamnyamata kaulemu bwino, kanandipatsa moni wogwada. Kenako anati tione ma shock, ndiye tinalowa msewu wafumbi mpaka pa chigayo pomwe panali thumba la ufa la 50 kg likudikira, ndipo amene analinyamula pamsana kuliika m'buti ndi ine mwini galimoto, bwana atayima poteropo akuyankha foni. Kuchoka apo ku Biwi kuti makaniko wawo aione. Makanikoyo anatsegula boneti, kumenya tayala ndi phazi, nkunena kuti injini ili bhobho, K10,000 yoyendera. Bwana anasisita m'matumba nkuti ali ndi makhadi okhaokha. Ndinalipira ine. Cha m'ma 2 njala itawawa tinaima pa chiwaya, tchipisi ndi nkhuku anthu atatu, mukudziwa kale analipira ndani.

Chomaliza anati galimoto siidziwika m'tauni, imafunika msewu wautali, ndiye tinakwera M1 mpaka ku Lumbadzi, komwe mwangozi chabe kunapezeka alamu awo ali ndi zikwama ziwiri akudikira transport yobwerera m'tauni. Ine geji ndikuiona ikutsika ngati BP ya munthu wanjala koma mumtima ndikungowerenga mamita 9. Madzulo onse anatsikira pa mphambano ina, ufa kuukweza pa kabaza, akuti kwawo msewu akukonza. Anandigwira dzanja ndi manja awiri nkuti, "Achimwene, galimoto ndatenga. Ndalama ilowa lero lomwe, ine ndidzaitenga mawa."

7 koloko foni inalira. Meseji ya ku banki, K9,300,000 yalowa. Ndinavina amwene, ndinavina ndekha pabalaza ngati ndili pa chinkhoswe. Mphindi ziwiri bwana akuimba, akuti akauntanti wawo ndi wosasamala waonjezera K300,000, ndiwabwezere msanga pa foni chifukwa akufuna kulipira dobadoba woti mawa akatithamangitsire zosintha dzina. Ndinaganiza mwanzeru zanga zonse kuti galimoto ili panja, kiyi ali m'thumba mwanga, blue book ili m'kabati, angandibere chani munthuyu? Mu foni munali K180,000 yokha. Yotsalayo ndinakatenga m'chitini cha mayi akunyumba, omwe ndi msungichuma wa banki m'khonde ya azimayi a kutchalitchi, ndikuti ndibweza mawa ndi kachiongoladzanja komwe. Ndinathamanga kwa ejenti asanatseke, nkutumiza yonse.

Mayi atabwera ku kwaya ndinawalandira ndi foni m'manja ngati chikho cha mpira. Anayang'ana kamodzi kokha.

"Bambo a Chisomo, banki yanu inayamba liti kutumiza meseji pa nambala ya 099?"

Ndinati mwina asintha system. Anandionetsa mameseji akale a ku banki, onse ali pamodzi pansi pa dzina la banki, iyi ili payokha ngati mwana wamasiye, ndipo mawu oti received analemba "recieved". Anati tafunsani balansi. Ndinafunsa manja akunjenjemera. K4,212. Ndinafunsanso kachiwiri poganiza kuti netiweki, inabwera yocheperapo chifukwa kufunsako amadula. Kuimbira bwana, foni zonse ziwiri sizikupezeka. Kenako mayi anapita kuchipinda, ndinamva chitini chikutsegulidwa, ndipo zomwe zinatsatira sindilemba pano chifukwa ena mwa inu mumapemphera.

M'mawa mwake ndinasakasaka nambala ya madala a ku Kasiya aja, ndinawapatsa moni wautali mpaka kufunsa za ziweto. Anati, "Zikomo mwana wanga, koma ndinagula kale ka Passo kwa aneba anu a geti lobiriwira, tsiku lomwe lija. Anyamata a kabaza ndi amene anandilozera." Nchifukwa chake anebawo sabata yonseyo amandipatsa moni wansangala chonchija.

Vitz ilipobe, m'buti mukadali mbuu ufa. Potsuka ndinapeza kuti kamnyamata kaja kanaiwala kabokosi kake konyamuliramo chakudya pansi pa mpando, kapulasitiki kobiriwira kosweka chivundikiro. Mayi akunyumba anakatsuka bwinobwino ndipo m'mawa uliwonse amandiikiramo mbatata yopita nayo kuntchito, akuti chinthu chogula K300,000 sichingamangokhala.