Zomwe ndinadutsamo kuti ndipeze ziphaso zogayira mabotolo a pulasitiki ku Blantyre

Ntchito yathu ndi yogula mabotolo a pulasitiki, aja a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuwatsuka, kuwagaya kukhala tizidutswa, n'kugulitsa kwa makampani omwe amapangira zinthu zina. Makina ogayira sanandivute kupeza. Chomwe chinadya nthawi ndi ziphaso, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo sinachitikire mu ofesi ayi, koma kudera, pakati pa anthu.

Zoyamba n'zomwe aliyense wa bizinesi amadutsamo: kulembetsa kwa Registrar General, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, kupempha chilolezo ku khonsolo ya mzinda, komanso kulembetsa malo ogwirira ntchito ku ofesi ya zantchito monga limanenera lamulo la chitetezo cha ogwira ntchito la 1997.

Nkhani inayambira ku MEPA, bungwe loyang'anira zachilengedwe lomwe linadza ndi lamulo la Environment Management Act la 2017. Wosunga, wonyamula kapena wokonza zinyalala amafunika chilolezo chawo. Ndinapereka chikalata chofotokoza kuti malo ali pati, madzi otsukira tiwatenga kuti, akuda apita kuti, nanga zotsalira zosagayika tizitani nazo. Atachiona anati ntchito yathu ndi yaing'ono, sikufunika kafukufuku wamkulu wa ESIA, woona momwe ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, koma tikonze ESMP, ndondomeko ya momwe tidzatetezere chilengedwe ndi anthu otizungulira. Mu ESMP muyenera kukhala umboni woti munakambirana ndi okhudzidwa: mayina a obwera, masaini kapena zidindo za chala, zomwe anadandaula ndi zomwe munalonjeza.

Apa musathamange. Ine ndinayamba ndakaonekera kwa amfumu, kenako kwa khansala wa wodi yathu, ndipo iwowo ndi amene anaitanitsa msonkhano. Mukaitana nokha, pabwera anthu ofuna ganyu basi. Pamsonkhanopo ndinkayembekezera mafunso a ntchito, koma amayi ena achikulire anadzuka n'kunena kuti: "Achimwene, ife timachapa mumtsinje uli kumunsi kwanuko. Madzi a sopo wanuyo muwaponya kuti?" Funso limenelo linasintha pulani yonse. Tinakumba maenje osefera madzi motsatana, kuti matope ndi mapepala a pamabotolo azitsalira, madziwo n'kumawabwezeranso kotsukira. Tinagwirizananso kuti makina azizima dzuwa likamalowa, chifukwa chigayo cha pulasitiki chimasokosera kuposa cha chimanga.

Gulu lina ndi la otola mabotolo, ena a kudzala la Mzedi, ena oyenda m'misika ndi m'madepoti. Akatswiri ambiri olemba ma ESMP amawaiwala, pomwe popanda iwo fakitale imaima. Iwo nkhawa yawo inali sikelo. Akhala akuberedwa kwa nthawi yaitali ndi ogula omwe amaseweretsa masikelo, kotero mawu okha sakanawakhulupirira. Tinaitana a Malawi Bureau of Standards kuti adzayeze sikelo yathu ndi kumatapo chizindikiro chawo, n'kuiika poyera kuti wogulitsa aziwerenga yekha makilo ake. Malipiro ndi a tsiku lomwelo, pamanja kapena pa Mpamba ndi Airtel Money. Ngongole kwa munthu amene watola tsiku lonse padzuwa ndi nkhanza, ngakhale mutailemba bwanji.

Chilolezo cha MEPA chitatuluka, wogula wina wa ku South Africa anafunsa ngati tili ndi satifiketi ya Global Recycled Standard (GRS), yotsimikizira kuti katundu ndi wochokera ku zobwezerezedwanso. Iyi si ya boma. Mwini wake ndi bungwe la Textile Exchange, ndipo amene amabwera kudzayendera ndi makampani oima paokha monga Control Union. Katundu amafunika kukhala ndi zobwezerezedwanso zosachepera 20 peresenti, zomwe kwa ife si nkhani, chifukwa zathu zonse n'zotoledwa. Chovuta ndi kutsimikiza. Woyendera amafuna kuona kuti makilo olowa, kuchotsapo zotayika potsuka, akufanana ndi makilo otuluka. Amatsegula kaundula, kusankha tsiku lililonse, n'kufunsa malisiti ake. Amayang'ana malipiro, magolovesi, majombo, zotsekera m'makutu, ndi mankhwala otsukira komwe akusungidwa. Amachezanso ndi antchito paokha, bwana ali kunja.

Pamene ndinaona kuti m'pofunika mtima ndi pa nkhani ya ana. Lamulo lathu la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito yoopsa siloledwa kwa wosafika zaka 18. Koma mwana akabwera pageti ndi thumba la mabotolo, mumubweza bwanji podziwa kuti ndalamayo ndi ya ndiwo? Tinakambirana ndi atsogoleri a otola, tinagwirizana kuti tizigula kwa akuluakulu olembetsedwa okha, ndipo mabotolo a pakhomo azibwera ndi kholo. Sizinathetse vuto lonse, ndipo ena anakwiya n'kupita kwa ogula ena.

Satifiketi ya GRS imagwira ntchito chaka chimodzi, kenako woyendera amabweranso, ndipo ndalama zoyendera mumalipira ndinu. Musanaifunsire, pezani kaye wogula amene akuifuna ndipo alembe mtengo wake papepala. Ngati msika wanu ndi wa konkuno, ziphaso za boma ndi za khonsolo zomwe ndatchulazi n'zokwanira.