Sabata yojambula sewero la makina olamulira Blantyre

Sewero la pa wailesi la mphindi 15 limafuna masamba pafupifupi 12, choncho Lolemba lonse limathera pa kudula zolembazo. Nkhani ya sabata ino ndi ya Blantyre wam'tsogolo, pomwe makina alanda ntchito ya kondakitala, wapolisi wa pamsewu, ngakhale ya nyakwawa. Olemba ambiri amafuna kuti makinawo azichita nthabwala, koma sewero limafera pomwepo. Makina azilankhula mwaulemu, mosaseka, ndipo oseketsa akhale anthu. Minibasi ya ku Limbe ikukana kunyamuka chifukwa pampando wa anthu atatu pakhala anayi. Dalaivala akunong'oneza makina a pa rodibuloko kuti, "Bwana, kangachepe aka," makinawo n'kumusindikizira lisiti, n'kuliwerenga mokweza kuti onse okwera amve.

Lachiwiri ndi loyeserera basi.

Ntchito yeniyeni ili Lachitatu ndi Lachinayi, pojambula mawu. Wosewera aime masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maikolofoni, ndipo mphamvu ya mawu pa mita ya chojambulira isapitirire -12 dB, kuti wina akakuwa asaphwanyike. Chojambulira timachitchera pa 48 kHz, kutanthauza kuti chimayeza mawu ka 48,000 pa sekondi. Magetsi athu ndi a 50 Hz (amagwedera ka 50 pa sekondi), ndiye waya wotha kapena wodutsana ndi wa magetsi amalowetsa kaphokoso kong'ung'uza. Siyanitsani mawayawo, kenako dulani phokoso lonse la besi la pansi pa 80 Hz. Mvula ikayamba pa denga la malata, imani. Palibe pulogalamu yomwe ingachotse phokosolo osawononga mawu. Jenereta nayo ikhale kutali, kuseri kwa khoma.

Mawu a loboti ndiwo amavuta kuposa zonse. Wosewera ajambulidwe ndi mawu ake enieni, zosinthazo zibwere pambuyo pa kompyuta, pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity imakwanira. Mukamuuza kuti alankhule mosakweza kapena kutsitsa mawu, monga amachitira m'mafilimu akunja, Chichewa chake chimasokonekera, pakuti m'chilankhulo chathu kukwera ndi kutsika kwa mawu kumanyamula tanthauzo, ngakhale nthawi yomwe chinthu chachitika. Chothandiza n'kufananitsa liwiro: liwu lililonse litenge mpata wofanana, mpweya wopuma muudule, ndipo mawu osinthidwawo muwaike pansi pa mawu enieni, osati pamwamba. Phokoso lina n'lapafupi. Makina osokera opalasa amamveka ngati fakitale, ndipo kulira kwa mita ya magetsi mayunitsi akatsala pang'ono aliyense amakudziwa, mwina n'kudzuka kukaona yake.

Gawo lomaliza linalembedwanso Lachinayi madzulo. Poyamba anthu ankagwetsa boma la makinalo ndi zionetsero, zomwe aliyense akanalota. Koma magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo omvera akukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Tsopano pulezidenti wa makinayo akuzima pakati pa kulankhula ku mtundu wonse chifukwa namasupuni watseka polowera madzi, nduna zake n'kuyamba kufunafuna amene akadali ndi mbaula.

Lachisanu n'losakaniza mawu ndi nyimbo. Musakhulupirire masipika akuluakulu a mu situdiyo. Mverani seweroli pa foni ndi pa kawailesi ka mabatire, muli panja pomwe pakudutsa magalimoto. Liwu la loboti lomwe silikumveka pamenepo libwerere pa kompyuta, muchepetse zosinthazo ndi theka.