Euphorbia obesa pakhonde: kuchokera pa maluwa kufika pa mbande

Tsopano mvula yafika pachimake kuno ku Blantyre, ndipo miphika yonse ya Euphorbia obesa ndaisunthira mkati mwenimweni mwa khonde, pamene mphepo singathe kuuluzirapo madontho. Chomera chimenechi, chomwe pa Chingerezi amachitcha baseball plant chifukwa cha mizere yake yooneka ngati misoko ya mpira wa masewera a baseball, kwawo ndi ku dera louma la Great Karoo m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, makamaka kufupi ndi tauni ya Graaff-Reinet, kumene mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 300. Kuno timalandira yoposa mamilimita 1,000, yambiri mwa iyo m'miyezi yochepa chabe, choncho ntchito yaikulu ya munthu wosamala chomerachi kwathu kuno ndi kuchitchinjiriza ku madzi.

Zazikulu ndili nazo ziwiri, ndipo ndinazigula kwa munthu wina amene amafesa yekha njere zake. Chilichonse chili ndi msinkhu wa dzaye, chilibe masamba ngakhale minga, ndipo thupi lake lagawika m'nthiti zisanu ndi zitatu zokhala ndi timizere tofiirira todutsa chopingasa pa khungu lobiriwira motuwa. Chimene chili chachikulupo chayamba kutalika, kusiya kubulungira kwa paubwana, ndipo kumunsi kwake khungu lauma n'kusanduka lofiirira. Anthu ena akaona zimenezi amada nkhawa poganiza kuti ndi matenda, koma ndi ukalamba chabe, malinga ngati malowo ali olimba ukawakhudza. Kufewa ndiye chizindikiro choopsa, chifukwa chomerachi chimawola kuyambira ku mizu, ndipo pamene diso likuona vutolo nthawi zambiri mkati monse mumakhala mutatha kale.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi sindinathirire ngakhale pang'ono. Nthawi imeneyo chomerachi chimagona, sichikula, ndipo mizu yake siyamwa madzi, kotero kuti chinyezi cha chiperoni chokha chikakhalitsa m'dothi chingathe kuchiwononga. Thupi linakwinyika pang'ono pakati pa nthiti, koma kutentha kutabwerera mu Seputembala ndinathirira mokwanira mpaka madzi kutulukira pansi pa mphika, ndipo pasanapite nthawi linafufumanso. Kuyambira pamenepo ndimathirira pokhapokha kamtengo kamene ndimazika m'dothi mpaka pansi katuluka kouma. Dothilo ndi losakaniza mchenga wokhakhala wa kumtsinje, timiyala ndi zidutswa za njerwa zowotcha, ndipo dothi lakuda ndi gawo laling'ono chabe. Miphika ndi yadothi, yozama ndithu chifukwa muzu waukulu umalowa pansi, ndipo ndimaikonda kuposa yapulasitiki popeza imauma msanga.

Za dzuwa, ndaona kuti la m'mawa ndi lokwanira. Kuthengo chomerachi chimamera m'munsi mwa tizitsamba ndi pakati pa miyala, ndiye dzuwa la masana la mu Okutobala likhoza kuchiwotcha n'kusiya zipsera zosapolanso. Mthunzi ukachulukanso chimatuwa ndi kusongoka pamwamba.

Chimene chandisangalatsa kwambiri chaka chino ndi maluwa. Euphorbia obesa ili ndi zomera zazimuna ndi zazikazi pazokha, ndipo palibe njira yodziwira chimene uli nacho kufikira chitachita maluwa. Timaluwa take ndi tating'onoting'ono, timatuluka pamwamba penipeni m'mphepete mwa nthiti, ndipo munthu wodutsa mofulumira sangatione. Mu Novembala chachikulu chija chinatulutsa timitu tokhala ndi mungu wachikasu, pamene chinzakecho chinatulutsa timaluwa tokhala ndi kanthambi kogawika patatu, komata pang'ono kunsonga. Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndili ndi chachimuna ndi chachikazi, mwayi umene ambiri ogula ziwiri zokha sakhala nawo. Ndinatenga kabulashi kofewa ka ana ojambulira zithunzi, n'kumatapa mungu m'mawa kukawala ndi kuupaka pa timaluwa tatikazi, ndipo ndinkabwereza nthawi iliyonse duwa latsopano likatseguka. Posakhalitsa timaluwato tinatupa n'kusanduka timakoko tobiriwira ta mbali zitatu, kalikonse kokhala ndi njere zosaposa zitatu.

Timakokoto tikakhwima timaphulika, n'kuponya njere kutali, ndipo zikagwera pansi pakhonde kuzipeza n'kovuta. Ndinaphimba chomera chachikazicho ndi kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu, n'kuimanga m'khosi mwa mphika, ndipo masana ena kukutentha ndinamva kuthetheka pang'ono, n'kupeza tinjere totuwa titakodwa mu netimo. Ndinazifesa zikadali zatsopano mu mchenga wosefa wosakaniza ndi dothi pang'ono, n'kuziphimba mochepa kwambiri, ndipo mosiyana ndi zazikulu, apa pamafunika chinyezi chosalekeza mpaka zitamera. Zambiri zamera. Mbande iliyonse ili ndi katsinde kotupa ndi timasamba tiwiri pamwamba, ndipo pakati pa timasambato payamba kale kuoneka kathupi kobulungira. Sindiziwokera mpaka mizu italimba, ndipo maluwa ake ndidzawadikira zaka zingapo.

Kufesa kumeneku ndimakuona kukhala kofunika koposa kungochulukitsa miphika. Katswiri wa zomera Peter MacOwan atapeza chomerachi mu 1897 n'kuchitumiza ku munda wa zomera wa Kew ku London, ndipo katswiri wina, Joseph Dalton Hooker, atachilongosola ndi kuchipatsa dzina mu 1903, okonda zomera a ku Ulaya ndi kwina anachifuna kwambiri, moti anthu anachizula kuthengo mpaka chinatsala pang'ono kutheratu kwawo komweko. Lero malamulo a South Africa amachiteteza, ndipo malonda ake pakati pa mayiko amayendetsedwa ndi CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotheratu. Popeza chomerachi sichiphuka ana m'mbali mwake kawirikawiri, njere ndiyo njira yeniyeni yochichulukitsira, ndipo ine ndimakhulupirira kuti aliyense wochigula ayenera kufunsa wogulitsayo ngati chinachokera ku njere zofesedwa.

Pogwira ntchito zonsezi ndimavala magolovesi. Chomerachi ndi cha mtundu umodzi ndi nkhadze, ndipo aliyense amene anakulira pafupi ndi mpanda wa nkhadze akudziwa zimene utomoni wake woyera umachita ukalowa m'maso. Wa Euphorbia obesa nawonso umayabwa pakhungu ndipo ndi wapoizoni, choncho miphika ili pa thandala lalitali limene ana sangafikire.

Vuto limene ndikulimbana nalo pakali pano ndi kodikodi, tizilombo toyera taubweya tofanana ndi timene timagwira chinangwa, timene tabisala m'mikwasa ya pamwamba pa chomera chachimuna pomwe panali maluwa. Ndikutichotsa ndi kathonje konyika mu sipiriti, ndipo ndachipatula kutali ndi mbande. Mvula ikatha mu Epulo ndidzachizula m'mphika kuti ndione ngati tizilomboti tafikanso ku mizu, ndipo ngati tilipo ndidzatsuka mizuyo, kuisiya iume pamthunzi kwa masiku angapo, kenako n'kubzala m'dothi latsopano louma.