Malipoti a draft ndamaliza, koma ofesi ya ziphaso ija yandikwana

Lipoti lomaliza ndatumiza dzulo usiku, tsopano ndipumeko. Anzanga ena akhala akundifunsa kuti ntchito yoyeza anyamata a basketball a ku koleji asanalowe mu draft ya NBA (pomwe matimu a ligi yaikulu ya basketball ku America amasankha osewera atsopano motsatana) imayenda bwanji, ndiye ndilembe mutu ukadali wotentha. Ine si scout (wofufuza osewera aluso) wa timu iliyonse ayi, ndimangothandiza kakampani kena kakang'ono kuno ku America kamene kamagulitsa malipoti kwa ma agent, anthu oimira osewera.

Zoti draft imachitika mu June komanso kuti ili ndi maraundi awiri mukuzidziwa kale. Ine ndimayambira pa tsiku lobadwa. Lamulo limati mnyamata akwanitse zaka 19 m'chaka cha draft, ndipo papite chaka chimalizireni sekondale, ndiye pamndandanda umodzi mupezapo wa zaka 19 ndi wa zaka 23. Wa 23 akamagoletsa mapointi 20 pakati pa ana, musathamangire kuwomba m'manja. Koma musawatayenso okhalitsa ku kolejiwo. Jalen Brunson anatenga chikho cha makoleji cha NCAA kawiri ndi yunivesite ya Villanova, mu 2016 ndi 2018, koma mu draft anasankhidwa mochedwa, pa nambala 33. Draymond Green anakhala zaka zinayi ku Michigan State n'kupita pa 35 mu 2012. Matimu omwe anawadumpha akudziwa okha.

Kenako ndi mavidiyo. Onerani masewera athunthu, osati tizidutswa ta pa YouTube. Mu tizidutswa aliyense ndi katswiri, mpira uliwonse umalowa. Ine ndimasankha dala masewera omwe mnyamatayo zinamuvuta, ndione ngati amabwerera kukatchinga akaphonya kapena amatsala kumbuyo akukangana ndi refa.

Tsopano ya chiphaso cholowera ku masewera. Panali mnyamata wina pa yunivesite ina yakutali ndithu, ndinafuna kumuona ndi maso chifukwa kamera imatsata mpira, sionetsa zomwe munthu akuchita mpira uli kwina. Ndinalemba imelo ku ofesi yoona za atolankhani ndi ma scout nthawi ikadalipo, anandiyankha kuti zonse zili bwino, chiphaso ndikachipeza pawindo. Ndinadzuka m'bandakucha, kuthira mafuta, kuyenda mumsewu wa chipale chofewa mtima uli m'mwamba, kulipira poimika galimoto ndalama yoti kwathu munthu angadyere sabata. Kufika pawindo, dzina langa palibe. Ndinawaonetsa imelo ija pafoni. Mayi anali pamenepo anaiwerenga bwinobwino, n'kunena kuti amene anailemba sanabwere lero, ndipite khomo lina. Khomo linalo anandibwezera pawindo lomwe lija. Foni ya ofesiyo imangoitana. Mapeto ake ndinagula tikiti ndi ndalama zanga, mpando wa kumwamba kwenikweni komwe osewera amaoneka ngati nyerere.

Ndiye chondipweteka kwambiri, ndinafika mochedwa moti kutenthetsa thupi kunali kutatha. Ma scout amafika msanga dala kuti aone mmene munthu amaponyera popanda womutchinga, mmene dzanja limatulutsira mpira, mmene amalankhulira ndi anzake komanso makochi. Zonsezo zinandipita ndikuzungulira makomo. Masewera atangoyamba mnyamata uja anachita mafaulo awiri, kochi n'kumukhazika pabenchi mpaka hafu yonse kutha, poti ku koleji mafaulo asanu watuluka. Tsiku lonse linalowa m'madzi. Kupepesa kwawo kunabwera Lolemba, mzere umodzi. Ndiye inu mukapatsidwa lonjezo la chiphaso, imbani foni dzulo lake ndipo funsani dzina la munthu amene adzakhale pawindo, imelo yokha sikutsegulirani khomo.

Ndaiwala za msinkhu, kutalika kwa munthu, zimenezi zimayenera kubwera koyambirira. Musakhulupirire msinkhu womwe sukulu yalemba, ambiri amawonjezerako. Dikirani combine ya ku Chicago mu May, komwe amawayeza atavula nsapato, n'kuyezanso kutalika kwa manja akawatambasula ndi pomwe amafika ataimirira. Nthawi zambiri manjawo ndi amene amandiuza ngati munthu angathe kutchinga mu NBA.

Kumbukiraninso kuti masewerawa ndi osiyana. Ku koleji ndi mphindi 40, mu NBA 48. Nthawi yomwe timu imapatsidwa kuti iponye mpira ku ring ku koleji ndi masekondi 30, mu NBA 24. Mzere wa mapointi atatu ku koleji uli pa mamita 6.75, pomwe wa NBA pakati paja uli pa 7.24. N'chifukwa chake pofuna kudziwa ngati munthu ali ndi dzanja ndimayang'ana kwambiri ma free throw (kuponya popanda wotchinga pakachitika faulo) kusiyana ndi ma three (a mapointi atatu), omwe m'nyengo imodzi ya koleji amakhala ochepa moti mwayi ukhoza kukunamizani. Kwa atali nkhani ndi ina. Ku koleji wamtali amatha kungoima pansi pa ring n'kumadikira, koma NBA salola wotchinga kukhala pamenepo kupitirira masekondi atatu osalondera munthu. Mnansi wathu wa ku Tanzania, Hasheem Thabeet, ankatchinga mipira mochititsa mantha ku yunivesite ya Connecticut, timu ya Memphis inamutenga pa nambala 2 mu 2009, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry, koma liwiro la NBA linamuvuta. Mukamaona wamtali, onani mapazi ake akakokeredwa kunja kukakumana ndi wamfupi wothamanga. Zimenezonso mu tizidutswa simuzipeza, onerani masewera athunthu.

March Madness, mpikisano wa chikho cha makoleji kumapeto kwa nyengo, musaipatse mphamvu zambiri, masewera awiri abwino safufuta miyezi inayi.

Chinanso chopweteka mutu masiku ano ndi dongosolo lotchedwa NIL. Kuyambira 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndiye ambiri amalembetsa draft, kupita ku combine, kenako kumapeto kwa May n'kubweza dzina kubwerera kusukulu poti kumeneko ndalama ilipo. Malipoti a anthu okayikitsa oterewa musawamalize msanga, siyani manotsi okha mpaka tsiku lobwezera mayina litadutsa. Mnyamata wa chiphaso ujanso wabwerera kusukulu, ndipo risiti ya tikiti ndi ya mafuta kampani yathu sinandibwezerebe.