Walipira kale chipinda, akulipiritsenso poimika galimoto?

Nkhani ya ndalama za paking'i pa mahotela a m'mapaki achisangalalo imandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ndikamva munthu akuti "aaa si madola 20 okha amenewo" ndimadziwiratu kuti sanayendepo ndi banja. Ulendo wa ku Orlando, mzinda wa ku Florida ku America womwe pafupi pake pali mapaki a Walt Disney World, anthu amausungira ndalama miyezi yambiri, ena mpaka chaka chathunthu, kuwerengera ndege, chipinda, matikiti olowera, chakudya cha ana, zonse kulemba papepala mpaka bajeti kukwana ndendende, ndiye ukufika pa hotela yomwe walipira kale ndalama zankhaninkhani akukuuza kuti galimoto nayo ili ndi mtengo wake usiku uliwonse.

Ku Walt Disney World kwa zaka zambiri mlendo wogona pa mahotela awo ankaimika galimoto ulere. Zinasintha mu Malichi 2018 pomwe anayamba kulipiritsa madola 13 pa usiku ku mahotela otsika mtengo omwe amawatcha Value, 19 ku Moderate, ndi 24 ku Deluxe. Chaka chotsatira anakwezanso kufika pa 15, 20 ndi 25. Tangowerengani nokha, kugona sabata imodzi ku Deluxe kunali madola 175 a galimoto yokha, pa chinthu chomwe dzulo lake chinali cha ulere, phula lake lomwelo, mizere yake yomweyo, palibe chomwe anawonjezera. Komanso musaiwale kuti malo a Disney ku Florida ndi pafupifupi maekala 25,000, si pakati pa New York pomwe malo oimika galimoto amasowadi.

Ena amati vuto ndi chani poti mahotela ena amachita zomwezo. Zoonadi, mahotela a Universal Orlando amalipiritsa, ku Las Vegas nako kampani ya mahotela ya MGM inayamba mu 2016 pomwe kale kunali kwa ulere. Koma mnzako akamadyera anthu masuku pamutu ndiye kuti nawenso uyambe?

Chomwe chinawawa kwambiri n'choti zinabwera mondondozana. FastPass ya ulere ija, yomwe inkathandiza munthu kupewa mizere italiitali pa zisangalalo za m'paki, inatha, m'malo mwake kunabwera Genie+ yolipira mu Okutobala 2021. Chaka cha 2022 chitangoyamba anathetsanso Magical Express, mabasi aja omwe ankakutengani pa bwalo la ndege kukakusiyani pa hotela osalipira kanthu. Ndiye taganizani, basi akuchotsera, iwe ukuti chabwino ndipanga hayala galimoto, galimoto yomweyo akuilipiritsanso ikangolowa pa geti. Munthu uthawira kuti?

Ndinaziona ndi maso pa hotela ina pafupi ndi paki, sinditchula dzina. M'mawa pa kauntala bambo wina ali patsogolo panga ndi risiti m'manja, chala chikutsika mzere ndi mzere, kenako chinaima. Mwana wake wakhalira sutikesi akuyasamula, mayi akuyang'ana wotchi chifukwa ndege siidikira munthu.

"Achemwali, nanga izi ndi za chani? Ine ndinalipira zonse pa intaneti."

"Pepani bambo, ndi za galimoto usiku uliwonse, zinalembedwa m'munsi mwa tsamba lomwe munabukira."

Mtsikana uja amayankhula motsitsa mawu, maso pansi, ndipo zimachita kuonekeratu kuti mawu amenewa amawanena kambirimbiri pa tsiku. Si iye anakhazikitsa mtengo koma ndi amene amalandira mkwiyo wonse, ndipo ine ndimawamvera chisoni ogwira ntchito amenewa ngati mmene ndimamvera alendowo. Bamboyo anatulutsa khadi osayankhulanso, ulendo wonse wosangalatsa uja nkuthera pa kuusa moyo.

Kwa ine vuto si kukula kwa ndalamayo ayi, vuto ndi kubisa. Hotela ikufuna ioneke yotchipa pa mndandanda wa mitengo ndiye imachotsa kachidutswa ka mtengo nkukaika pambali, iwe ukasankha kale, ana wawalonjeza kale, kubwerera sungathe. Ngati akufuna madola 25 owonjezera angowaika pa mtengo wa chipinda, ndione ndekha nambala yonse ndisankhe ndi maso anga.

Anthu anadandaula mosalekeza ndipo zinaphula kanthu. Bob Iger atabwerera pa utsogoleri wa Disney mu Novembala 2022 kulowa m'malo mwa Bob Chapek, pa 10 Januwale 2023 ndalama zoimikira galimoto usiku pa mahotela awo a ku Florida anazichotsa. Mahotela sanagwe, mapaki sanatseke, zomwe zikusonyeza kuti sizinali zoti popanda izo sangayende.

Koma musaganize kuti nkhani inatha. Mahotela a Disneyland ku California amalipiritsabe. Lamulo la FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2025 limauza mahotela a ku America kuti aonetse mtengo wonse poyambirira, koma likunena za ndalama zomwe mlendo aliyense ayenera kulipira, ndiye hotela itha kunena kuti paking'i ndi yosankha wekha. Yosankha bwanji kwa munthu amene wayendetsa maola khumi ndi ana atatu kumbuyo? Galimotoyo akaisiye kuti? Musanabuke, aimbireni foni muwafunse mtengo wa galimoto pa usiku, msonkho wake womwe, ndipo akutumizireni yankholo pa imelo.