Sabata ya pa tebulo la nthawi ku Bukit Jalil

Ntchito yanga pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse cha hockey cha anyamata osapitirira zaka 21, umene unachitikira pa bwalo la ku Bukit Jalil mumzinda wa Kuala Lumpur m'dziko la Malaysia kuyambira pa 5 mpaka pa 16 Disembala 2023, inali yokhala pa tebulo la m'mbali mwa bwalo, pakati pa mabenchi a matimu awiri, ndi kusunga nthawi. Oyimbira masewero amene amathamanga ndi wezulo m'bwalo amadziwika ndi aliyense, koma ife a pa tebulo timakumbukiridwa pokhapokha tikalakwitsa, ndipo m'sabata yachiwiri ya mpikisanowu ndinakumbukiridwa kamodzi.

Masewero amodzi amagawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 15, ndipo poyamba munthu angaganize kuti kusunga nthawi yotere ndi ntchito ya mwana. Chimene chimavuta ndi chakuti wotchi siyenda mosalekeza. Imaimitsidwa chigoli chikalowa, imaimitsidwa kwa masekondi 40 pamene woyimbira wapereka penalty corner (chilango chimene timu imalandira ikalakwa pafupi ndi golo lake) kuti oteteza avale zodzitchinjiriza kumaso ndi m'manja, ndipo imaimitsidwanso wosewera akavulala. Pambali pa wotchi yaikuluyo pali nthawi ya olangidwa: khadi lobiriwira limatulutsa wosewera kwa mphindi ziwiri, lachikasu kwa mphindi zosachepera zisanu. Osewera amalowa ndi kutuluka nthawi iliyonse popanda malire, kupatula pamene penalty corner yaperekedwa, choncho maso amodzi omwewo ayenera kuwerenganso kuti timu isapitirire anthu 11 m'bwalo.

Lolemba linali tsiku la matimu amene sanafike m'ndime ya makotafainolo. Pa matimu 16 amene anabwera, theka linali litatsala ndi kulimbirana malo a m'munsi, ndipo ena mwa iwo anali South Africa ndi Egypt, amene anaimira Africa ndipo anali m'gulu limodzi ndi Germany ndi France, matimu amene pambuyo pake anakumana pa fainolo. Anthu amaganiza kuti masewero a malo a m'munsi amakhala ozizira, koma ine ndimawaopa kuposa ena onse, chifukwa mnyamata amene wakhumudwa kale sachedwa kupsa mtima, ndipo makhadi amatuluka motsatizana.

Lachiwiri ndinapatsidwa mpumulo masana, ndipo ndinaonera India ndi Netherlands ndili pa mpando wa anthu wamba. Pofika nthawi yopuma, Netherlands inali kutsogola ndi zigoli ziwiri kwa duu, koma masewero anatha 4-3 mokomera India. Ngakhale ndinali pa mpumulo, ndinadzipeza ndikuwerenga masekondi chamumtima nthawi iliyonse imene wezulo yalira, ndipo mnzanga amene ndinakhala naye anandiuza kuti milomo yanga inali kugwedera ngati ya munthu wopemphera.

Cholakwa changa chinachitika pa masewero ena a malo a m'munsi, m'chigawo chachitatu. Wosewera anapatsidwa khadi lobiriwira, nabwera kudzakhala pa mpando wa olangidwa pafupi nane, ndipo ndinayamba kuwerenga mphindi zake ziwiri atangokhala pansi, monga lamulo likunenera. Patangopita kanthawi, mnzake wa timu ina anagwa ndipo woyimbira anaimitsa masewero. Wotchi yaikulu ndinaiimitsa, koma ya wolangidwayo ndinaisiya ikuyenda, pamene nthawi ya chilango iyenera kuwerengedwa pokhapokha mpira ukuseweredwa. Ndikanamulola kubwerera m'bwalo nthawi yake isanakwane, timu inayo ikanalandidwa mwayi wosewera ndi munthu mmodzi woposa anzawo, mwayi umene pa hockey umabala zigoli kawirikawiri. Mkulu wa pa tebulo, amene maso ake sachoka pa mawotchi onse awiri, anandigwira mkono mnyamatayo atayamba kale kunyamuka, nanena motsitsa mawu kuti, “Bambo, nthawi yake sinakwane, muuzeni akhale pansi.” Mnyamatayo anandiyang'ana ngati ndamubera, ndipo sindinamuimbe mlandu, popeza ndine amene ndinali nditamukodola kale. Madzulo ndinalemba zimene zinachitika mu lipoti la masewerowo ndi dzanja langa.

Kutentha kwa Kuala Lumpur kumalowanso m'ntchito yathu. Kapinga wochita kupanga amathiriridwa madzi masewero asanayambe ndiponso pa nthawi yopuma kuti mpira uzitsetsereka bwino ndi kuti wogwa asasupuke khungu, ndipo madzi amenewo akakumana ndi dzuwa la masana, mpweya wa pamwamba pa bwalo umakhala wolemera ngati nthunzi ya mumphika. Pepala lolembapo zigoli ndi makhadi limanyowa ndi thukuta la dzanja, ndipo ndinaphunzira kuika kansalu pansi pa mkono polemba.

Lachinayi Germany inagonjetsa India 4-1 m'ndime ya semifainolo. Chimene ndinaona kwa anyamata a ku Germany, ndipo ndikunena ngati munthu wa pa tebulo, ndi chakuti kusinthana kwawo kwa osewera kunali kwadongosolo kotero kuti sunkafunika kuwakalipira: wotuluka ankafika pa mzere, wolowa n'kudikira mpaka mnzakeyo atatulukiratu. Matimu ena ankatichititsa kuima ndi kukweza mawu kangapo m'chigawo chimodzi.

Pa fainolo ya Loweruka ndinaikidwa kukhala wodikira, wokonzeka kulowa m'malo mwa mnzanga aliyense amene angadwale. Ndinakonzeratu wotchi ya masekondi asanu ndi atatu, nthawi imene wosewera amapatsidwa kuchokera pa mzere wa mamita 23 kuti alimbane ndi goloboyi yekha ngati matimu afanana mphamvu, koma sinafunike. Germany inapambana France 2-1 ndi kutenga chikho chimene mu 2021 ku Bhubaneswar m'dziko la India chinawapulumuka pogonja kwa Argentina, ndipo Spain inatenga malo achitatu. Anyamata akuvina pakati pa bwalo, ife tinali kufananitsa mapepala athu mzere ndi mzere, kenaka oyang'anira matimu awiri anabwera kudzasainira, wa France poyamba.